Kompyuta ilibe WiFi? Dikirani kaye musanagule sim ina

Kuno kwathu ku Chigwa cha Shire intaneti imalowa m'nyumba ndi m'maofesi popanda chingwe. Ambiri tili ndi ka MiFi, kachipangizo kam'thumba kolowetsa sim kopereka WiFi, ka Airtel kapena TNM, ena rauta ya 4G ija yolowetsa sim kumbuyo, ena amangoyatsa hotspot pa foni basi, ndipo ochepa amene zinthu zikuwayendera anakweza mbale ya Starlink padenga chiyambireni pomwe inafika m'Malawi muno mu 2023. Koma mukalowa m'mashopu osindikiza mapepala pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula kapena pa Nsanje boma, m'maofesi a mipingo, a masukulu ndi a magulu a alimi, zimene mumapeza pa tebulo ndi makompyuta aja a bokosi, ma HP ndi ma Dell akale ogula kwa anthu kapena opatsidwa ndi mabungwe, ndipo kumbuyo kwake kuli kabowo ka chingwe cha netiweki koma WiFi mulibe. Pulinta yaikulu ija nayonso chimodzimodzi, bokosi la makamera a CCTV chimodzimodzi. Ndiye mumapeza WiFi ili tho m'chipindamo, mafoni onse ali pa WhatsApp, koma makina amene amagwira ntchito yeniyeni ali mu mdima, munthu akuyenda ndi fulashi kuchoka pa laputopu kupita pa kompyuta tsiku lonse, kufalitsa ma virus m'tauni yonse.

Chimene chimandiwawa ine ndi choti anthu ambiri akafika pamenepa amaganiza njira ziwiri zokha, kugula rauta ina ndi sim ina n'kumalipira bandulo kawiri, kapena kuyika kompyutayo pakona n'kuivundikira chitenje kudikira tsiku lomwe adzapeze ndalama ya laputopu. Zonsezi ndi kuononga ndalama zomwe kuno sitizipeza mophweka. Makina a chingwe aja angathe kulowa pa WiFi yomwe muli nayo kale, ndipo nthawi zambiri chofunika ndi rauta imodzi yotchipa, mwinanso yomwe ili m'kabati mwanu muja yodzadza fumbi.

Koma ndiyambe ndi ichi, ngati rauta yanu ili ndi mabowo a LAN, aja olowetsa chingwe cha netiweki, kumbuyo ndipo chingwe chingathe kufika, kokani chingwe. Palibe WiFi yomwe imaposa chingwe pa kukhazikika. Chingwe cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6 chimayenda mpaka mamita 100 popanda vuto, ndipo mukachikhoma bwino mwaiwala. Chenjerani chabe ndi zingwe zotchipa zolembedwa CCA, zimenezo mkati mwake ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, zimathyoka mukangozipinda pang'ono. Vuto ndi loti ka MiFi kambiri kalibe bowo la chingwe, ndipo ngakhale rauta ikhale nalo, ambiri timachita lendi, a landilodi salola kuboola khoma, kapena pakati pa shopu ndi nyumba pali bwalo pomwe pamadutsa ngolo ndi mbuzi. Chingwe chapanja dzuwa lakuno limachiumitsa mpaka kusweka, kudenga makoswe amachitafuna, ndiye pamafunika paipi. Apa m'pamene timasiya za chingwe chachitali.

Ngati vuto lanu ndi kompyuta imodzi yokha, musavutike ndi zonse ndilembe m'munsimu, gulani ka adaputa ka WiFi kolowetsa pa USB, kaja kooneka ngati fulashi. Ine ndimakonda kokhala ndi kamlongoti, chifukwa tating'ono kwambiri tija tikabisala kumbuyo kwa bokosi lachitsulo, pansi pa tebulo, kukhoma, timagwira mofooka. Windows 10 ndi 11 nthawi zambiri imakazindikira yokha, koma pa Windows 7 mudzafuna ma driver, timapulogalamu tothandiza kompyuta kukazindikira, ndiye pemphani wogulitsayo akupatseni kapena muwatsitsiretu pa foni. Njira ina ya changu ndi kulumikiza foni ya Android pa kompyuta ndi chingwe chochajira n'kuyatsa USB tethering, foniyo imatha kupereka ngakhale WiFi yomwe yagwira. Zimathandiza tsiku limenelo, koma foni ndi ya munthu, akalandira uthenga wa maliro wanyamuka nayo. Ndipo pulinta kapena bokosi la makamera simungaziyike ka USB kameneka, sizikadziwa n'komwe.

Ndiye tifike pa nkhani yeniyeni. Rauta wamba timaidziwa ngati chinthu chopereka WiFi, koma ma rauta ambiri angathenso kugwira ntchito motembenuza, kulandira WiFi ya rauta ina monga imachitira foni, kenako n'kuitulutsa kudzera m'mabowo ake a LAN kupita ku makina a chingwe. Mumaiyika pafupi ndi kompyuta ndi pulinta, tizingwe tifupitifupi, ndipo mtunda wonse wapakati umayendedwa ndi WiFi. Ma TP-Link oyera aja amene adzadza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre, monga TL-WR840N, atsopano ake ali ndi malo olembedwa Operation Mode pomwe mumasankha Range Extender kapena WISP. Palinso kakang'ono kokwana m'dzanja, TL-WR802N, komwe kali ndi Client mode yeniyeni koma bowo la chingwe ndi limodzi lokha, ndiye ngati makina ndi angapo mumaonjezera switch, kabokosi kochulukitsa mabowo a chingwe. Musanapereke ndalama tembenuzani bokosi muwerenge, mawu oti muwasake ndi Client, Bridge, Range Extender, Repeater kapena WISP. Ngati palibe ngakhale limodzi mwa amenewa, ibwezeni pa shelefu ngakhale wogulitsa akulumbireni.

Alamu anga ali ndi kashopu ka fotokope ndi kusindikiza pa Nchalo, kutsogolo kwa nyumba yawo. Rauta ya 4G imakhala m'nyumba pawindo chifukwa m'pamene netiweki imagwira bwino komanso ana amaigwiritsa ntchito madzulo, ndipo m'shopu muli makompyuta awiri a bokosi ndi pulinta ya chingwe. Makasitomala ambiri ndi ogwira ntchito ku minda ya nzimbe ndi aphunzitsi, amabwera ndi ma CV ndi makalata pa WhatsApp, ndiye alamuwo ankalandira pa foni, kusamutsira pa kompyuta ndi chingwe, kenako kusindikiza, mzere uli panja dzuwa likuswa mtengo. Atandiyitana anali atatsimikiza kale zogula rauta yachiwiri ya sim. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, rauta yoyera ija munachotsa ku ofesi yakale ija ili kuti?" Iwo akuti, "Ija? Ija siilowa sim, ndi yopanda ntchito, ana amaseweretsa." Anaitulutsa m'katoni ya mabuku, mlongoti umodzi utapindika, adaputa yake ili m'thumba la zingwe zosokonekera. Imeneyo ndi imene ikugwira ntchito m'shopumo mpaka lero.

Kachitidwe kake kanali kotere. Choyamba ndinaibwezeretsa mwakale, kumbuyo kuli kabowo kolembedwa Reset, mumalowetsa kawaya kapena nsonga ya cholembera n'kukanikiza osasiya mpaka timagetsi tonse tiphethire. Izi musazidumphe pa rauta yogwiritsidwa kale ntchito, simudziwa zimene mwini wakale anasiyamo. Kenako chingwe kuchoka pa kompyuta kupita pa bowo la LAN, osati la WAN lija lokhala ndi mtundu wakewake. Pa browser mumalemba adiresi yolembedwa kunsi kwa rauta, ma TP-Link ambiri ndi 192.168.0.1 kapena tplinkwifi.net, ena ndi 192.168.1.1, ndipo intaneti siifunika kuti tsamba limeneli litseguke, anthu ambiri amadabwa pamenepa. Mukalowa mumasankha mode, rauta imazima n'kuyakanso, kenako imasaka ma WiFi onse apafupi n'kukuonetsani mndandanda. Mumadina dzina la WiFi yanu, kulemba pasiwedi yake ndendende, zilembo zazikulu ndi zazing'ono momwe zilili, n'kusunga. Pasiwedi ikalakwika rauta zambiri sizikuuzani, zimangokhala chete ngati zonse zili bwino koma intaneti osabwera, ndiye chikavuta yambani kukayikira pamenepo.

Tsopano pali pomwe anthu ambiri amasochera, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene pamachokera madandaulo aja oti dzulo zimagwira lero zakana. Pa netiweki iliyonse pamakhala chinthu chimodzi chogawa ma adiresi kwa makina onse olowa, dzina lake DHCP. Rauta yanu yaikulu ikuchita kale ntchito imeneyi, ndipo rauta yachiwiri nayo imabwera DHCP yake ili yoyaka. Zikakhala zoyaka zonse pa netiweki imodzi zimakhala ngati mafumu awiri akugawa minda m'mudzi umodzi, kompyuta ina ilandira kwa uyu ina kwa uyo, ndipo yolandira kolakwika imaonetsa kuti yalumikizidwa koma tsamba osatseguka. Choncho ngati mwasankha Client, Bridge kapena Range Extender, pomwe makina onse akhale pa netiweki imodzi ndi rauta yaikulu, DHCP ya rauta yachiwiri ikhale yozima. Ma rauta atsopano amadzizimitsira okha, koma lowani mukaone ndi maso anu. Muipatsenso rauta yachiwiriyo adiresi yakeyake ya m'banja lomwelo, mwachitsanzo ngati yaikulu ndi Huawei ya 192.168.8.1, yachiwiri ikhale 192.168.8.2, kuti mawa mukafuna kusintha kanthu mudziwe koipeza. Lembani adiresiyo pa kapepala mumate kunsi kwake.

WISP ndi yosiyana, ndipo apa malangizo amatembenuka. Mu WISP rauta yachiwiri imatenga WiFi ya yaikulu ngati intaneti yochokera kunja, n'kupanga netiweki yakeyake mkati. Pamenepa DHCP isiyeni yoyaka, ndipo ma adiresi a mbali ziwirizi asafanane, ngati yaikulu ili pa 192.168.0.1 ndipo yachiwiri nayonso ili pomwepo, sinthani yachiwiri ikhale monga 192.168.5.1, apo ayi palibe chiyende. Ubwino wa WISP ndi woti siivuta, imagwirizana ndi pafupifupi WiFi iliyonse, ka MiFi, hotspot ya foni, Starlink, zonse. Komanso ka MiFi kamaona ngati kalumikizidwa ndi chinthu chimodzi chokha ngakhale kumbuyo kuli makina asanu, zomwe zimathandiza chifukwa ti MiFi timakhala ndi malire a chiwerengero cha makina olowa nthawi imodzi. Kuipa kwake ndi koti foni kapena laputopu yomwe ili pa WiFi ya rauta yaikulu siiona pulinta yomwe ili kumbuyo kwa yachiwiri. Kwa alamu anga ndinasankha dala WISP, chifukwa zonse za ntchito zili m'shopu, makompyuta ndi pulinta zimaonana zokhazokha, ndipo ana a m'nyumba sangatumize zithunzi zawo ku pulinta n'kumaliza inki. Alamuwo akafuna kusindikiza kuchokera pa foni amangolowa pa WiFi ya m'shopu. Koma ku ofesi komwe ma laputopu ali m'zipinda zina ndipo onse akufuna pulinta imodzi, pamenepo mufunika Client kapena Range Extender.

Ndinene zoona, njira ya netiweki imodziyi ili ndi kachilema kake komwe si vuto la inu kapena la rauta yotchipa, ndi momwe WiFi inapangidwira. Uthenga wamba wa WiFi umanyamula ma adiresi atatu okha a makina, ndiye rauta yaikulu imayembekezera kuti aliyense wolumikizidwa ndi makina amodzi, osati rauta yobereka makina ena kumbuyo. Opanga ma rauta amazemba vutoli pobisa makina onse kumbuyo kwa adiresi imodzi, ndipo pa intaneti wamba zimayenda bwinobwino, koma nthawi zina kompyuta imalephera kuipeza yokha pulinta, kapena pulinta ikagona kwa kanthawi imasowa pa netiweki. Mankhwala ake ndi kuipatsa pulinta adiresi yokhazikika pa ka sikirini kake, monga 192.168.8.50, bola isakhale m'gulu la ma adiresi omwe DHCP imagawa, kenako pa kompyuta muionjezere polemba adiresiyo ndi manja m'malo modikira kuti ioneke yokha. Pali njira ina yotchedwa WDS yomwe imanyamula ma adiresi anayi ndipo imathetsa vutoli, koma imafuna kuti ma rauta onse awiri aidziwe, imayenda bwino akakhala a kampani imodzi, ndipo ti MiFi tambiri tilibe. Anyamata okonda kufufuza amachotsa pulogalamu ya rauta n'kuikamo OpenWrt kapena DD-WRT, zomwe zimatsegula ma mode onsewa ngakhale pa rauta yomwe inalibe. Ndi zabwino ndithu koma mukaika fayilo yolakwika rauta yafa, ndiye musayesere pa rauta yokhayo yomwe bizinesi ikudalira.

Chinthu china choti muone pa rauta yaikulu ndi AP Isolation, ena amalemba Client Isolation. Ikakhala yoyaka, makina olowa pa WiFi amapeza intaneti koma saonana okhaokha, ndiye mutha kutha tsiku lonse mukulimbana ndi pulinta chonsecho vuto lili pa kabokosi kamodzi kofunika kuchotsa chizindikiro. Ma WiFi a alendo, aja olembedwa Guest, amakhala otero mwadala.

Setingi zikatha nkhondo yatsala ndi ya malo oika, ndipo kuno ku Chigwa imeneyi ndi nkhani yaikulu kuposa mmene mabuku a m'bokosi amanenera. Malata amabweza WiFi, saidutsitsa. Khoma la njerwa zootcha limaidya, awiri kapena atatu ndiye yatheratu. Thanki ya madzi, fuliji, kabati yachitsulo ya mafayilo, zonsezo ndi adani. Kwa alamu kuja poyamba rauta inali pa tebulo pafupi ndi fotokope ndipo inkangogwira mwa apo ndi apo, titaikweza pa kashelefu pamwamba pa windo loyang'ana kunyumba, milongoti itaima chilili, zinasintha nthawi yomweyo. Njira yosavuta yoyezera ndi kuyenda ndi foni, imani pomwe mukufuna kuika rauta muone timizere ta WiFi, ngati foni ikuvutika pamenepo rauta nayonso ivutika. Kumbukirani kuti chingwe chochoka pa rauta yachiwiri kupita ku kompyuta chitha kutalika mpaka mamita 100 aja, ndiye rauta ikhale pomwe WiFi ili yamphamvu, osati pomwe pali kompyuta. WiFi imayenda pa ma band awiri, 2.4 GHz imapita patali ndipo imapirira makoma, 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga. Ma rauta otchipa ambiri ndi a 2.4 GHz yokha, ndiye onetsetsani kuti pa rauta yaikulu 2.4 ndi yoyaka, apo ayi dzina la WiFi yanu silioneka pa mndandanda. Pa ma trading centre pomwe ma WiFi achuluka, ikani rauta yaikulu pa channel 1, 6 kapena 11 m'malo moisiya pa Auto, atatu amenewa ndi omwe sapondana, komanso channel ikamasinthasintha yokha rauta yachiwiri imadukaduka.

Za liwiro musadandaule kwambiri. Pa bokosi amalemba 300 Mbps koma zimenezo simudzaziona, ndipo mabowo a ma rauta otchipawa amalekezera pa 100 Mbps. Komabe pa intaneti ya sim yomwe ambiri tili nayo, zimenezi n'zokwanira ndi kutsala. Chomwe chimachepetsa liwiro ndi pamene rauta yachiwiri ikulandira WiFi n'kumaperekanso WiFi kwa mafoni ndi wailesi imodzi yomweyo, apo liwiro la mafoniwo limatsika pafupifupi ndi theka. Makina a chingwe sakhudzidwa motero. Ngati simukufuna WiFi yachiwiri ndipo rauta ikulola, izimitseni.

Kutentha. Ma rauta a m'nyumba ambiri papepala lake amalemba kuti agwire ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40, ndipo aliyense wokhala ku Ngabu kapena ku Nsanje akudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala 40 timaipitirira panja pamthunzi, nanji pansi pa malata opanda siling'i masana. Ndiye pokweza rauta m'mwamba musaifikitse ku malata, musaiike pawindo lomwe dzuwa limalowa mwachindunji, ndipo chonde amayi musaivundikire kansalu koluka kaja ngakhale fumbi likhale lochuluka bwanji, timabowo take ndi topumira. Rauta yomwe imagwira bwino m'mawa n'kumazima yokha cha m'ma 1 koloko, nthawi zambiri si yoonongeka, yangotenthedwa. Ka MiFi nakonso kokhala pa chaja usana ndi usiku m'kutentha kuno batire yake imatupa mpaka chivundikiro kutukuka, mukaona zimenezo sinthani batire msanga, ndi yoopsa. Pa shopu kapena ofesi ine ndimalangiza rauta ya 4G yapa tebulo yopanda batire, chifukwa china ndi choti ka MiFi kamalowa m'thumba, abwana akapita ku msonkhano ku boma amapita nako ofesi yonse n'kutsala ilibe intaneti.

Nanga ngati WiFi ili kutali, mwachitsanzo ku nyumba ya aphunzitsi aakulu ndipo makompyuta ali ku buloko ina kutsidya kwa bwalo la mpira? Apo rauta ya m'nyumba siikwanitsa, pamafunika zida zapanja zoyang'ana mbali imodzi, monga TP-Link CPE210 ya 2.4 GHz, CPE510 ya 5 GHz, kapena NanoStation ya Ubiquiti. Zimamangidwa pa mlongoti, magetsi ake amayenda m'chingwe cha netiweki chomwecho kudzera pa kabokosi ka PoE, ndipo zili ndi Client mode. Apa chigwa chathu chimatikomera, malo ndi athyathyathya, palibe zitunda ngati ku Thyolo, mukangokwera pamwamba pa denga mukuona kutali. Chofunika ndi choti mbali ziwirizi zionane, mtengo wa mango kapena wa nimu wa masamba ambiri pakati umadula kwambiri, makamaka ukanyowa ndi mvula. Pa mtunda waufupi chida chimodzi choloza ku rauta chimakwana, koma patali gulani ziwiri, china uku china uko, chifukwa rauta ya m'nyumba ilibe mphamvu yoyankhira kutali. Ubwino winanso wa njira imeneyi ndi wa mphezi. Chingwe cha kopa chokokedwa panja pakati pa nyumba ziwiri chimatha kutenga mphamvu ya mphezi ngakhale yagwa chapatali, n'kuotcha mabowo a makina mbali zonse ziwiri. WiFi pakati pa nyumba ilibe vuto limenelo, ngakhale mlongotiwo umafunikabe waya wopita pansi.

Ena amafunsa za ma adaputa a powerline, aja oyendetsa netiweki m'mawaya a magetsi a m'nyumba. Amagwira ngati masoketi onse ali pa mita imodzi ndipo mawaya ndi abwino, koma kuno shopu ndi nyumba kawirikawiri zimakhala ndi mamita osiyana, mawaya ena ndi olumikiza mwachisawawa, ndipo pa ekisitenshoni yoteteza magetsi amafooka. Ine sindiwalimbikitsa.

Magetsi ndi nkhani ina yomwe sitingaizembe. Tonse tikukumbukira momwe zinalili namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 mpaka mu 2023, ndipo ambiri m'pamene tinaphunzira za sola ndi ma inveta. Rauta imadya magetsi ochepa kwambiri, ndiye ka mini UPS, kabokosi ka batire kaja ka ma rauta, kamatha kuisunga maola angapo. Koma tsopano muli ndi ma rauta awiri, onse afunika magetsi, yaikulu ikazima yachiwiri ilibe chogwira. Onani kunsi kwa rauta iliyonse kuti imafuna 5V, 9V kapena 12V, musangotenga adaputa iliyonse yolowa, ya 12V pa rauta ya 9V itha kuiotcha. Magetsi akabwera rauta ya 4G imachedwa kudzuka kuposa yachiwiri, ndiye dikirani mphindi zingapo musanayambe kuzula zingwe, ndipo ikakanabe zimitsani yachiwiri yokha n'kuiyatsanso. Kwa a kumadera osefukira madzi, a ku Makhanga, ku East Bank ndi kwina m'mbali mwa Shire ndi Ruo, zimene tinaona ndi Freddy mu Malichi 2023 zikukwana kutiuza kuti rauta, switch ndi ma ekisitenshoni zikhomedwe kukhoma m'mwamba, ndipo bokosi la kompyuta lichoke pansi likwere pa tebulo.

Ngati WiFi yomwe mukufuna kulumikizako ndi ya aneba kapena ya ofesi yoyandikana, kambiranani kaye mugwirizane zogawana mtengo wa bandulo, musangotenga pasiwedi kwa mwana wawo. Auzeninso kuti akasintha dzina la WiFi kapena pasiwedi akudziwitseni, chifukwa tsiku lomwelo rauta yanu isiya kugwira ndipo mudzayenera kulowanso mu setingi. Pa ma rauta onse awiri gwiritsani chitetezo cha WiFi chotchedwa WPA2, ndipo pasiwedi yolowera mu setingi ija ya admin isintheni, pa trading centre pali anyamata ochenjera.

Chomaliza chomwe chimapweteka anthu ambiri sabata yoyamba ndi bandulo. Windows ikaona kuti intaneti yabwera pa chingwe imaganiza kuti ndi yopanda malire, ndipo kompyuta yomwe yakhala zaka osalowa pa intaneti imayamba kukoka ma update onse omwe inaphonya, ma gigabayiti ambirimbiri, inu musakudziwa. Kompyuta ziwiri kapena zitatu zikachita zimenezi pamodzi bandulo ya mwezi itha kutha m'masiku ochepa, kenako munthu n'kumati rauta yachiwiriyi ikuba data. Mukangolumikiza, pa kompyuta iliyonse ya Windows 10 kapena 11 lowani mu Settings, Network & Internet, Ethernet, muyatse Metered connection. Ma update ofunika muziwalola nthawi yomwe mwasankha nokha, monga pamene mwagula bandulo ya usiku. Bokosi la makamera nalonso lioneni, ngati mwalilumikiza kuti muziona pa foni muli kutali, nthawi iliyonse mukutsegula pulogalamuyo kanemayo akukwera kudzera pa bandulo yanu yomweyo, ndiye mu pulogalamu ya pa foniyo sankhani chithunzi chotsika, chija amalemba Sub stream kapena SD, osati HD.